Simoni Uti? Mariya Uti?

Mdzukulu wanga, wachita bwino kufunsa. Safunsa adadya phula. Wati Buku likukusokoneza. Apa Simoni akukana Ambuye, apo Simoni akuwasenzera mtanda, uko Simoni akufuna kugula Mzimu Woyera ndi ndalama. Mariya ku Betelehemu, Mariya ku Betaniya, Mariya ku manda. Ukudabwa ngati anthu a ku Yudeya mayina adawathera. Sadawathere ayi. Nkhaniyi ili ndi gwero lake, ndipo ndikuuza. Koma usandithamangitse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kalekale, masiku a makolo a Aisraele, mwana ankabadwa ndi dzina lakelake. Dzinalo linkachokera pa zimene mayi adakumana nazo. Leya adali mkazi wosakondedwa pa mitala ya Yakobo. Atabereka mwana wachiwiri adati Mulungu wamva za kunyozedwa kwake, n'kumutcha Simeoni. Wachinayi adamutcha Yuda, poti tsopano ankafuna kutamanda. Rakele akutsirizika pa uchembere adatcha wake Benoni, mwana wa chisoni chake, koma bambo ake adamutcha Benjamini. Mpongozi wa Eli adamva kuti Afilisti alanda Bokosi la Chipangano, mwamuna wake wafa, apongozi ake afanso. Adachira tsiku lomwelo, n'kutcha mwanayo Ikabodi, kunena kuti ulemerero wachoka. Kwa ife izi si zachilendo. Ukamva Mavuto, Masiye kapena Chimwemwe, wamva zimene zidachitika pakhomopo chaka chimenecho.

N'chifukwa chake m'Chipangano Chakale chonse Abrahamu ndi mmodzi. Mose ndi mmodzi. Davide ndi mmodzi. Pa mafumu onse a ku Yerusalemu amene adatuluka m'nyumba ya Davide, palibe adatchedwanso Davide. Mayina obwerezedwa adalipo, makamaka aja okhala ngati pemphero, monga Zekariya, kutanthauza kuti Mulungu wakumbukira. Pemphero limenelo mayi aliyense akhoza kulipemphera. Koma sikudali kudzutsa dzina la munthu.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mu 586 Khristu asanabadwe, Nebukadinezara adagwetsa Yerusalemu, n'kutentha kachisi, n'kutenga anthu kupita nawo ku Babulo. Munthu akataya dziko amagwiritsa chimene chatsala, ndipo iwo chidawatsalira ndi mzere wa makolo. Ukapolo utatha, mwambo wotcha mwana dzina la agogo ake udayamba kufalikira. Pa chilumba cha Elephantine, mumtsinje wa Nile ku Iguputo, padali mudzi wa asilikali achiyuda. Makalata awo olembedwa pa gumbwa adapezeka, ndipo m'menemo muli adzukulu otenga mayina a agogo awo. Ku Yerusalemu nako, m'banja la akulu a ansembe, Oniya ankabereka Simoni, Simoni n'kubereka Oniya.

Pofika masiku a Elizabeti mwambowu udali utazika mizu. Luka akusimba kuti pa tsiku la mdulidwe achibale adafuna kutcha mwana wa Elizabeti Zekariya, dzina la bambo ake. Mayi adakana, nati akhale Yohane. Anthu adadabwa, poti pa mtundu wawo padalibe wa dzina limenelo. Mpaka adakafunsa bambo ake, amene pa nthawiyo adali wosalankhula, iye n'kuchita kulemba. Taona kusiyana kwake. Leya ankatcha monga mtima wafunira, popanda womufunsa. Elizabeti adachita kulimbana ndi mudzi wonse.

Koma muzu waukulu uli pamalo pamene ambiri timangodumpha. M'Buku Lopatulika ukamaliza Malaki umangotembenuza tsamba n'kupeza Mateyu. Pakati pa awiriwo padadutsa zaka zoposa 400. Anzathu a Katolika ali nawo mabuku awiri a Amakabeo, osimba zina za nthawi imeneyo. Ukawapeza, uwawerenge.

Mu 167 Khristu asanabadwe, Yudeya adali m'manja mwa mfumu yachigiriki ya ku Siriya, Antiochus Epiphanes. Mfumuyi idaletsa mdulidwe. Idaletsa Sabata. Idatentha mipukutu ya Malamulo, n'kumanga guwa lachilendo m'kachisi mwenimwenimo. Amayi amene adadulitsa ana awo ankaphedwa, khanda atalipachika m'khosi mwawo. Ambiri adagonja. Ena adafa osatsegula pakamwa. M'mudzi wa Modein mudali wansembe wokalamba, dzina lake Matatiya. Nthumwi ya mfumu itabwera kudzakakamiza nsembe, iye adakana pamaso pa mudzi wonse. Myuda wina atayandikira guwa kuti aipereke, mkuluyo adamupha, n'kupha ndi nthumwi yomwe, n'kuthawira ku mapiri. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Adapita ndi ana ake asanu. Tchera khutu umve mayina awo: Yohane, Simoni, Yudasi, Eleazara ndi Yonatani.

Wawamva? Ndi omwe aja akukusokoneza.

Mkulu uja sadakhalitse. Atamwalira, nkhondo adaitsogolera Yudasi, amene ankamutcha Makabeo. Mu 164 adalanda kachisi, n'kumuyeretsa, n'kumanga guwa latsopano. Mpaka lero Ayuda amakumbukira zimenezi masiku 8 pa chikondwerero cha Hanukkah, ndipo Yohane akutiuza m'mutu 10 kuti Ambuye Yesu adali m'kachisi pa chikondwerero chomwechi, nyengo yozizira. Koma ufulu udagulidwa ndi magazi. Pa abale asanu aja palibe adafera pa mphasa. Eleazara adaona njovu yovekedwa zachifumu, n'kuganiza kuti mfumu ili pamenepo. Adalowa kunsi kwake n'kuibaya, njovu n'kumugwera. Yudasi adafera ku nkhondo mu 160. Yohane adamubisalira panjira. Yonatani adamunyengerera kulowa mumzinda, n'kumugwira, pambuyo pake n'kumupha. Wotsiriza adali Simoni. Iyeyu ndi amene adachotsa goli la msonkho wa Siriya mu 142. Adaphedwa ali pa phwando, pafupi ndi Yeriko, ndipo womupha adali mkamwini wake.

Ufulu umenewo sudakhalitse. Mu 63 mkulu wa asilikali a Roma, Pompey, adalowa mu Yerusalemu. Goli lidabweranso. Tsono ganiza za bambo wa ku Galileya amene wanyamula khanda lake, msilikali wachiroma akudutsa pa msewu. Sangakuwe kuti tikufuna ufulu. Koma akhoza kutcha mwana wake Simoni. Akhoza kumutcha Yudasi. Palibe lamulo loletsa dzina. Mnzake wa nyumba yoyandikana adachita chimodzimodzi, wa kutsidya chimodzimodzi. Mphini yobwereza imawala. Chimene pakamwa pankaopa kunena, dzina la mwana linkachinena tsiku lililonse pomuitana kudzadya.

Kwa akazi, nyumba yomweyo idasiyanso mayina awiri. Mfumukazi Salome Alexandra idalamulira kuyambira 76 mpaka 67, ndipo anthu ankaikumbukira ndi mtima wabwino. Mwana wina wamkazi wa mzere womwewo, Mariamme, adakwatiwa ndi Herode Wamkulu. Herode adamupha mu 29 Khristu asanabadwe chifukwa cha nsanje. Mariamme, Miriamu ndi Mariya ndi dzina limodzi, la mlongo wake wa Mose uja. Chimodzimodzi Simeoni ndi Simoni, Yuda ndi Yudasi, Eleazara ndi Lazaro. Kusiyana kudabwera poti ena ankalemba m'Chihebri, ena m'Chigiriki.

Izi si zongoganizira ine. Mayi wina wophunzira wa ku Israel, a Tal Ilan, adasonkhanitsa mayina a Ayuda a m'dzikomo kuyambira 330 Khristu asanabadwe mpaka chaka cha 200. Adawatola m'mabuku a Josephus, m'zolemba za arabi, m'makalata akale, ndi pa timabokosi ta miyala m'mene ankasungiramo mafupa a akufa. Buku lawo lidatuluka mu 2002. Pa amuna, dzina lochuluka kuposa onse ndi Simoni. Pambuyo pake pakubwera Yosefe, Eleazara, Yuda ndi Yohane. Pa akazi akutsogola ndi Mariya ndi Salome, ena onse ali kutali. Iwo adaona kuti ndi mayina a nyumba ya Matatiya. Ngakhale Yosefe, buku lachiwiri la Amakabeo limamutchula pakati pa abale a Yudasi.

Tsono usadabwenso ukaona ophunzira 12 aja. Asimoni alimo awiri, Ayakobo awiri, Ayudasi awiri. Theka la gulu lili ndi mnzake wa dzina. Abale a Ambuye amene Marko akuwatchula ndi Yakobo, Yose, Yuda ndi Simoni. Ndi mayina a m'mudzi uliwonse wa nthawi imeneyo.

Nanga eni akewo ankasiyanitsa bwanji? Sankatchula dzina lokha. Ankawonjeza bambo, kwawo, ntchito, kapena dzina lopatsana. Simoni mwana wa Yona adakhala Petro. Wina adali Simoni Zelote. Wina Simoni wakhate, matenda n'kukhala chizindikiro chake. Wosenza mtanda uja adali wa ku Kurene, bambo wa Alesandro ndi Rufu. Wamatsenga adali wa ku Samariya. Akazi ankadziwika ndi mwamuna, ndi mwana, kapena ndi mudzi: Mariya wa Klopa, Mariya amake Yakobo, Mariya wa ku Magadala. Ku Yopa, Simoni Petro adali mlendo m'nyumba ya Simoni wofufuta zikopa. Anthu atatu otumidwa ndi Korneliyo ataima pa chipata, adafunsa za Simoni wotchedwa Petro. Akadangoti tikufuna Simoni, akadabwerera ku Kaisareya ndi mmisiri wa zikopa. Olemba Buku adasamala chotere. Owerenga ndife timachita ulesi. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Ulesi umenewu uli ndi mtengo wake. Tiyambe ndi Yudasi.

Lero ndi amayi ochepa amene angatche mwana wawo Yudasi. Dzinali lidasanduka chitonzo. Amati nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Mwambiwu ngwoona pa nsomba za mumtanga. Pa anthu uli ndi malire. Bambo a Isikariote, amene nawonso adali Simoni, sadapatse mwana wawo dzina la wopereka mnzake. Adampatsa dzina la kholo la mafumu, dzina la ngwazi imene idayeretsa kachisi. Dzina lidali loyera. Adalidetsa ndi mwini wake, ndi ndalama 30 zasiliva. Usiku womwewo, pa mgonero womwewo, padali Yudasi wina wokhulupirika. Iyeyu atafunsa funso, Yohane adachita kuwonjeza mawu ofotokoza kuti si Isikariote uja. Taganiza moyo wa munthu ameneyu pambuyo pake. Kulikonse ankafika, ankayamba ndi kufotokoza kuti iye si uja.

Pita ku Damasiko. Saulo wachita khungu, masiku atatu osadya osamwa. Ali m'nyumba ya yani? Ya Yudasi, pa msewu wotchedwa Woongoka. Wobwera kudzamusanjika manja ndani? Hananiya. Iwe ukamva Hananiya umakumbukira mwamuna wa Safira, wonama uja. Palinso Hananiya wachitatu, mkulu wa ansembe amene adalamula kuti Paulo amenyedwe pakamwa. Koma tsiku limene Paulo adali wosowa pogwira, adamusunga ndi Yudasi, adamutsegula maso ndi Hananiya. Mayina awiri amene ife timawanyansidwa.

Ndipo Yuda woyamba uja, mwana wa Leya, ndi amene adapangira abale ake nzeru yogulitsa Yosefe, ndalama 20. Patapita zaka, ku Iguputo, yemweyo adadzipereka kuti akhale kapolo m'malo mwa Benjamini, kuopa kuti bambo awo angafe ndi chisoni. Dzina silidasinthe. Adasintha ndi munthu. Iwenso dzina uli nalo lidayenda ndi ena iwe usanabadwe. Ena adalilemekeza, ena ayi. Zabwino zawo sungakadyere, zoipa zawo sungakalipire. Adzakufunsa za iwe.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ichi. Ku Ulaya, kwa zaka mazanamazana, Akhristu ena adatenga tchimo la munthu mmodziyu n'kulisenzetsa mtundu wonse wa Ayuda. Anthu adathamangitsidwa m'mizinda, ena kuphedwa. Adaiwala kuti Ambuye Yesu ngochokera ku fuko la Yuda, amayi awo Myuda, atumwi onse Ayuda. Ukadzamva munthu akunyoza mtundu wathunthu chifukwa cha mmodzi, usadzamuthandize kuseka.

Tsopano za Mariya wa ku Magadala. Funsa anthu pa msika kuti adali ndani, ambiri akuuza kuti adali mkazi woyendayenda amene adalapa. Tsegula Buku uone. Mulibe. Luka akuti Ambuye adatulutsa mwa iye ziwanda 7, ndipo adali mmodzi wa amayi amene ankathandiza gululo ndi chuma chawo. Adaima pa mtanda amuna ambiri atathawa. Adali woyamba kuona Ambuye atauka. Nanga mbiri inayo idachokera kuti?

Idachokera pa mayina. Mu Luka 7 muli mayi wochimwa, wosatchulidwa dzina, amene adadzoza mapazi a Ambuye m'nyumba ya Simoni Mfarisi. Mu Marko 14 muli mayi wina wosatchulidwanso dzina, amene adawadzoza ku Betaniya m'nyumba ya Simoni wakhate. Yohane akuti wodzoza ku Betaniya adali Mariya, mlongo wake wa Lazaro. Ndipo Luka akangomaliza nkhani ya wochimwa uja, pamwamba pa mutu 8 akutchula Mariya wa ku Magadala. Asimoni awiri, Amariya awiri, mafuta onunkhira ponseponse. Mu 591, Papa Gregory Wamkulu polalika ku Roma adaphatikiza amayi atatu kukhala mmodzi: wochimwa uja, wa ku Betaniya, ndi wa ku Magadala. Adali munthu wa Mulungu, ndipo cholinga chake chidali kulimbikitsa olapa. Koma mawu a wamkulu amayenda kutali. Kandimverere adakanena za m'maluwa. Alaliki adalandizana, ojambula zithunzi adalandizana, palibe wobwerera ku Buku kukaona. Nyumba zotsekeramo akazi amene anthu ankati adagwa zidatchedwa ndi dzina lake, ndipo ku Ireland yomaliza idatsekedwa mu 1996. Mipingo ya kummawa, monga ya Agiriki, siidawaphatikize amayiwa. Ku Roma adakonza mu 1969, ndipo mu 2016 Papa Francis adakweza tsiku lake, la 22 Julaye, kuti likhale chikondwerero ngati cha atumwi. Kuchokera 591 kufika 1969 ndi zaka 1,378. Zidakonzedwa m'mabuku, koma pakamwa pa anthu mpaka lero zikadalipo. Pepani sapoletsa chilonda. Mwana wa munthu akhoza kuipitsidwa chotere ndi liwu limodzi, ndiye usanatchule dzina la wina pa nkhani yoipa, uyambe wadziwa kuti ndi wa kwa yani.

Pali mfundo ina imene ngakhale akuluakulu a Buku idawakhalitsa pansi. Ambuye adanena za magazi osalakwa kuyambira Abele mpaka Zekariya, wophedwa pakati pa kachisi ndi guwa. Zekariya uti? Wophedwa m'bwalo la kachisi timamupeza mu 2 Mbiri 24, ndipo ndi mwana wa wansembe Yehoyada. Yehoyada ndi mkazi wake adabisa khanda lachifumu, Yowasi, zaka 6, kulipulumutsa kwa Ataliya amene ankapha ana onse a nyumba yachifumu. Adalilera, adaliveka ufumu. Mkuluyo atamwalira, mwana wake Zekariya adadzudzula kupembedza mafano, Yowasi yemwe uja n'kulamula kuti amuponye miyala. Chifundo chidaphetsa msemamitondo. M'Baibulo la Ayuda monga lilili lero, Mbiri ndi buku lomaliza. Ndiye Abele ali koyamba, Zekariya ali kothera. Luka sadatchule bambo ake. Koma Mateyu akuti mwana wa Berekiya, ndipo mwana wa Berekiya ndi mneneri amene adayamba kulalika mu 520 Khristu asanabadwe, masiku a mfumu Dariyo, patapita zaka pafupifupi 300. Ena akale ankatinso ndi bambo a Yohane Mbatizi. Jerome, amene adamasulira Buku m'Chilatini, adaisinkhasinkha nkhaniyi n'kuima pa mwana wa Yehoyada. Ngati anthu otere ankayamba ayeza asanagamule, iwe ndi ine tilibe chothamangira.

Za Aherode sindichedwapo. Wopha ana a ku Betelehemu ndi Herode Wamkulu. Wodula mutu wa Yohane Mbatizi ndi mwana wake, Antipa. Wa m'buku la Machitidwe, amene adafera ku Kaisareya mu 44 Khristu atabadwa, ndi mdzukulu wa Herode Wamkulu, Agripa, wochokera mwa Mariamme uja. Apa pokha mwambi wa make mbuu, mwana mbuu udagwira ntchito. Onse atatu adali ndi magazi m'manja. Komabe aliyense adapha wake, ndipo choipa chitsata mwini.

Ngakhale dzina la Ambuye lidali la anthu ambiri. Yesu ndi Yoswa, dzina la wolowa m'malo mwa Mose. Pa mayina aja a Tal Ilan lili pa nambala 6. Padali Yesu mwana wa Siraki, wolemba buku la nzeru. Padali Yesu wotchedwa Yusto, mnzake wa Paulo. Mipukutu ina yakale ya Mateyu imati Baraba nayenso adali Yesu. N'chifukwa chake anthu ankati Yesu wa ku Nazarete. Bartimeyu wakhungu adayamba kukuwa atamva kuti wodutsayo ndi wa ku Nazarete. Mngelo sadabwere ndi dzina lachilendo lochokera kumwamba. Adapereka dzina limene amayi ambiri a ku Galileya ankaitana madzulo.

Mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndiye sindikufunsa lero ngati wamva. Mawa ukamaliza ntchito, utsegule Machitidwe mutu 12. Koyambirira Herode akupha Yakobo ndi lupanga. Chapakati Petro watuluka m'ndende usiku, akugogoda pa nyumba ya Mariya amake Yohane, ndipo pochoka akusiya mawu akuti akauze Yakobo. Uwerenge kawiri. Kenako ubwere undiuze kuti Herodeyo ndi uti, Mariyayo ndi uti, Yohane m'bale wa wophedwayo ndi Yohane mwana wa Mariya ndi mmodzi kapena awiri, ndiponso Yakobo amene Petro akumutumizira uthenga ndi mwana wa yani.